Cimene Magazi Amatiuza za Mwana Wotupa

Anzanga, ambiri a ife tinaonapo kumudzi mwana wotupa mapazi ndi masaya, tsitsi lace litafiira, makamaka m'miyezi ya njala ya Januwale ndi Febuluwale. Akulu amati ndi tsempho, ndipo mlandu umagwera makolo. Koma tiyeni tifunsenso magazi, pakuti nawo ali ndi umboni wao.

Magazi akathiridwa mankhwala oletsa kuundana, nazunguzidwa msangamsanga m'makina ochedwa centrifuge, amagawika. Zofiira zimatsikira pansi, ndipo pamwamba pamatsala madzi acikasu, dzina lace plasma. Madziwa ali ngati magawo 55 pa magawo 100 a magazi onse. M'menemo muli mapuloteni a mitundu itatu ikuluikulu. Fibrinogen aumitsa magazi pabala; ena mwa ma globulin amenyana ndi matenda; albumin, wopangidwa m'ciwindi, agwira madzi kuti asathawe m'mitsempha.

Nanga mapuloteni tiwaona bwanji? Njira yapafupi ndiyo ya biuret, imene tingathe kuyesa ndi aphunzitsi athu. Sakanizani coyera ca dzira ndi madzi, thirani sodium hydroxide, koma cenjerani pakuti amaocha khungu. Kenaka dontheziranimo copper sulphate pang'ono. Madziwo asanduka maonekedwe a maluwa a jakaranda. Mapuloteni akacuruka, mtundu ukula mphamvu, ndipo m'cipatala makina amayesa mphamvuyo.

Pofuna kulekanitsa mitunduyo amagwiritsa nchito magetsi. Mapuloteni ayamba liwiro, ndipo albumin ndiye atsogola. Mwini njirayi, Arne Tiselius wa ku Sweden, analandira mphotho ya Nobel mu 1948. Munthu wamoyo bwino ali ndi magalamu 35 kufikira 50 a albumin m'lita imodzi.

Mwana wotupa uja kawirikawiri albumin wace apezeka wocepa, ndipo madzi adzaza m'mnofu. Nthendayi ndiyo kwashiorkor, imene Dr. Cicely Williams anaifotokoza mu 1933 ku Gold Coast, kumene tsopano ndi Ghana. Kale anthu anayesa kuti gwero lace ndi kusowa kwa mapuloteni kokha. Koma mu 2013 akatswiri amene anayesa ana amapasa m'Malawi muno anaonetsa kuti tizirombo ta m'matumbo nato tili ndi mbali yace.

Kuno ku Mphunzi si nyumba iliyonse ili pafupi ndi makina otere, koma cala cacikuru tonse tili naco. Dinikizani pamwamba pa mapazi onse awiri a mwana, muwerenge kufikira katatu. Pakatsala kadzenje, musataye nthawi ndi milandu. Thamangani naye ku cipatala, kumene aona ngati afunika kugonekedwa kapena kulandira ciponde.

Tsono popita ku holide tiwauze amai kuti nsima ndi kacewere zokha sizikwana. Phala la mwana lilowe nsinjiro, ndipo nyemba, usipa ndi mazira zisamdutse. Kuphunzira kwathu kupindula ciani ngati mng'ono wathu atupa ife tikuona?