MABUKU A NTHANO NDI KUMENE TINGAWAPEZE

Ana ambiri amaganiza kuti buku ndi la mayeso cabe. Koma alipo mabuku ena amene munthu amawerenga cifukwa ca kukoma kwa nkhani yace, monga momwe timamverera nthano za agogo madzulo pamoto. Mwana wowerenga mabuku otere sacedwa kudziwa kalembedwe kabwino ka Cinyanja.

Loyamba limene muyenera kufunafuna ndi Nthondo, lolembedwa ndi Samuel Josia Ntara, mphunzitsi wa ku Nkhoma m'dziko la Malawi. Bukuli linaturuka m'caka ca 1933, ndipo linapambana pa mpikisano wa mabuku a m'zinenero za mu Afrika. Limasimba moyo wa munthu mmodzi kuyambira kubadwa kwace. Nthondo anali mnyamata wosamvera ndi wakuba. Anacoka kwao kukafuna nchito kutali, nasauka m'njira, koma potsiriza anatembenuka mtima nakhala mfumu. M'nkhaniyi mudzaona miyambo ya Acewa yambiri imene lero ikuiwalika. Mu 1934 T. Cullen Young analimasulira m'Cingerezi nalicha Man of Africa.

Lina ndi Sikusinja ndi Gwenembe la John Gwengwe, nkhani ya abale awiri, wina wakhama ndi wina wanjiru. Mathero ace sitikuuzani pano; mukadziwerengere nokha.

Tsono bvuto ndi ili: mabuku akale otere sapezeka kawirikawiri m'masitoro, ndipo atsopano ndi okwera mtengo. Cifukwa cace nkwabwino kufuna mabuku ogwirapo kale nchito. Ku Lusaka alipo anthu amene amayala mabuku m'mbali mwa miseu ndi m'misika, monga momwe ena amayalira zobvala za salaula. Mabuku a mayeso amakhala pamwamba, pakuti ndiwo ofunidwa ndi ambiri. A nthano amakhala pansi pa mulu, ndipo mtengo wace kawirikawiri ndi wocepa. Musacite manyazi kufukula.

Mukapeza buku, musafulumire kupereka ndarama. Yambani mwaona tsamba lotsiriza, cifukwa ndilo limayamba kuthothoka, ndipo nkhani yopanda mathero iri ngati nsima yopanda ndiwo. Kenaka werengani manambala a masamba, kuti mudziwe ngati ena sanasowe pakati. Onaninso ngati ciswe sicinaboole mau. Cikuto cong'ambika cisakubwezeni: singano, ulusi ndi pepala lolimba zidzacikonza. Pamenepo funsani mtengo mwaulemu, kuti, "Bambo, kodi simungandicotsereko pang'ono?" Wogulitsa amakonda kutsitsa mtengo kwa munthu wogula mabuku awiri kapena atatu pamodzi.

Musadabwe mukaona kuti mabuku osindikizidwa ku Malawi amalemba "ch" pamene ife timalemba "c". Cinenero ncimodzi comweco.

Amene alibe ndarama asataye mtima. Funsani aphunzitsi anu ngati pa sukulu pali kabati ya mabuku, kapena pitani ku laibulale ngati iripo pafupi. Funsaninso akulu a pamudzi amene anaphunzira kale. Ambiri a iwo anasunga mabuku m'masutikesi. Mukabwereka, likuteni ndi nyuzipepala, ndi kulibweza pa tsiku limene munapangana. Ndipo ana khumi a m'kalasi limodzi atagula buku limodzilimodzi namasinthana, yense adzawerenga mabuku khumi pa mtengo wa limodzi.

MAFUNSO
1. Ndani analemba Nthondo, ndipo linaturuka caka citi?
2. Cifukwa ninji tiyenera kuona tsamba lotsiriza tisanagule buku?
3. Simbirani anzanu nkhani ya buku limene munawerengapo.