Makalata a Omvera: Wofuna Kulemba Ayambe Wawerenga

Makalata achuluka sabata ino, koma ambiri akuzungulira pa nkhani imodzi, ndiye ndasankhapo atatu.

Yoyamba yachokera kwa mnyamata wa Fomu 3 ku Ntcheu. Akuti: "Ndimalemba nthano zazifupi, koma mabuku a anthu ena ndimawapewa. Ndimaopa kuti ndikawerenga kwambiri ndidzayamba kubera nzeru zawo. Kodi ndikulakwitsa?"

Mphwanga, ukulakwitsa, ndipo sindikubisira. Wosawerenga ndiye amabera kwambiri, kungoti sadziwa kuti akubera. Amatola za m'mafilimu ndi m'masewero a pa wailesi n'kumati ndi zake. Ife amene timaona zolemba za achinyamata tatopa nayo nkhani ya mwana wamasiye wozunzidwa ndi mayi womupeza, amene pamapeto amakhala dokotala n'kukhululukira onse. Aliyense woilemba amaganiza kuti ndi woyamba. Akadawerenga akadadziwa kuti njira imeneyo idapondedwa kale mpaka fumbi.

Chimene ndikupempha n'chakuti buku lililonse uziliwerenga kawiri. Koyamba, sangalala nayo nkhani, seka, lira ngati kulira kwabwera. Kachiwiri tenga pensulo. Funsa kuti, kodi mutu uwu wayamba bwanji? Munthu uyu ndamudziwa kuti ndi waumbombo, kodi wolemba wandiuza kapena ndaona ndekha pa zochita zake? Nanga n'chifukwa chiyani mutuwu wathera apa, osati tsamba lotsatira? Yesa ndi Nthondo, buku la Samuel Josiah Nthara la mu 1933, lija Cullen Young adalimasulira m'Chingerezi n'kulitcha Man of Africa. Limatsata moyo wa munthu mmodzi kuyambira kubadwa mpaka imfa, chikhalirecho si buku lalikulu. Ona pamene Nthara wachedwa dala, ndi pamene walumpha zaka zambiri ndi mawu ochepa. Luso limenelo palibe mphunzitsi angakulembere pa bolodi.

Kalata yachiwiri ndi ya bambo wina amene akugwira ntchito ku Johannesburg ndipo amatimvera pa intaneti. Akuti amawerenga kwambiri, koma za Chingerezi zokhazokha. Akalemba m'Chichewa, anzawo amati sizikumveka ngati zakwathu.

Bambo, anzanuwo akukuuzani zoona, musawakwiyire. Khutu limazolowera chimene mumalipatsa tsiku ndi tsiku. Mawu anu ndi a Chichewa, koma kayalidwe ka ziganizo mwina n'kobwereka. Mankhwala ake ndi kuwerenga Chichewa chabwino mokweza mawu, mpaka lilime lizolowerenso. Pezani Kukula ndi Mwambo la John Gwengwe, kapena Njala Bwana la Willie Zingani. Poti inu Chingerezi mumachidziwa, pali china chimene chingakuthandizeni kuposa ena: tengani Things Fall Apart la Chinua Achebe, pambali pake muike Chipasupasu, limene Benedicto Wokomaatani Malunga adamasulira. Werengani ndime imodzi uku, ndime yomweyo uko, muone momwe womasulira wakonzera chiganizo kuti chiyende mwa Chichewa. Ndipo ngati m'chikwama mudanyamula Buku Lopatulika, lija lidatuluka mu 1922, musalipeputse. Ena amati Chichewa chake n'chachikale. Ine ndimati n'chokhwima, ndipo alembi athu ambiri adakulira m'menemo.

Yomaliza yachokera kwa mayi mphunzitsi ku Mchinji. Akuti ana awo amafuna kulemba, koma mabuku kulibe, ndipo ogula ndi odula. Akufunsanso ngati kuwerenga za pa Facebook kungakwanire.

Za Facebook ndiyankhe mwachidule: ayi, sikungakwanire. Zambiri za pamenepo sizidutsa m'manja mwa mkonzi, ndipo mwana amatengera kalembedwe kodukaduka komweko.

Koma za kusowa kwa mabuku, mayi, dandaulo lanu ndi lomveka, sindikutsutsani. National Library Service, imene idakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 1967, ili ndi nthambi m'mizinda ndi m'maboma ena, komabe mwana wa kumudzi sangayende mtunda wotero pofuna buku limodzi. Yambani ndi zimene zilipo. Mabuku a Chichewa a m'kalasi asamangotsekulidwa pokonzekera mayeso. Nyuzipepala zakale musakulungire zitumbuwa musanadule nkhani zabwino n'kuzimata m'kope. Buku limodzi likhoza kuzungulira ana makumi awiri ngati mwaika tsiku lobweza, ndipo aliyense wobweza afotokozere anzake chimene chamugwira mtima ndi chimene sichinamukomere. Mukapita ku Lilongwe, kafunseni ku likulu la laibulale ngati sukulu yanu ingathandizidwe ndi mabuku.

Nthawi yatithera. Mphwanga wa ku Ntcheu, ukamaliza Nthondo kachiwiri undilemberenso, undiuze mutu umene wakuvuta. Enanu pitirizani kutumiza makalata, tikumananso sabata yamawa nthawi ngati yomwe ino.