Lole ya Dizilo Ikakana Kulira

Nyengo yokolola ndiyo imene malole amakhala pa ntchito yaikulu. Matumba a mtedza ndi chimanga amaunjikidwa m'mbali mwa msewu, eni ake ali pompo kudikira, ndipo lole ikakana kulira m'mawa, tsiku la msika lapita. Nthawi zina pamakhalanso wodwala wofunika kufika ku chipatala msanga. Komatu kawirikawiri chovuta chimakhala chaching'ono, choti dilaiva angathe kukonza yekha ndi sipanala.

Injini ya dizilo, imene Mjeremani wina dzina lake Rudolf Diesel anaiyendetsa bwino koyamba m'chaka cha 1897, ilibe mapulagi otulutsa moto monga ya petulo. Iyo imapanikiza mpweya kolimba kufikira utatentha, ndipo mafuta akawazidwa pa mpweya wotenthawo amayaka okha. Ulendo wa mafutawo uli motere: pampu yaing'ono iwakoka m'thanki, apyola m'sefa amene amakaniko amati fyuluta, nafika pa pampu yaikulu, imene iwakankhira mwamphamvu ku mainjekita. Njira imeneyi ikatsekeka pena paliponse injini singalire.

Poyamba dilaiva amvetsere. Ngati sitata ikuzunguza injini mwaulesi, mlandu ndi wa batire. Injini ikamazungulira bwino koma osalira, atume mnyamata wake kumbuyo akaone utsi. Utsi woyera usonyeza kuti mafuta akufika koma akulephera kuyaka, monga zimachitikira m'mawa wa June ndi July ku Dedza injini itazizira, ndipo apo ayang'ane mapulagi otenthetsa. Utsi ukapanda kutuluka konse, mafuta sakufika.

Aone tsono m'thanki ndi kamtengo koyera, pakuti geji imanama. Malole akale ali ndi kachitsulo kokoka pozimitsa injini, ndipo alipo madilaiva amene amasula mapaipi m'mawa wonse, kachitsuloko ali atakaiwala kukabweza usiku. Atsekulenso chitsekerero cha thanki. Chikamveka kuti fuu potsekula, kabowo kake kolowera mpweya katsekeka ndi fumbi, ndipo pampu ikulephera kukoka mafuta.

Mdani wamkulu ndiye mpweya wolowa m'mapaipi. Umalowa pamene mafuta athera pa msewu, pamene sefa wasinthidwa, kapena pamene nati ina yakhwepa. Mafuta sapanikizika, koma mpweya umapanikizika. Chotero pampu yaikulu ingokankha mpweyawo, injekita osatseguka. Kuthira mafuta ena m'thanki pakokha sikuthandiza. Mpweyawo uyenera kuchotsedwa.

Dilaiva apukute bwino pamwamba pa sefa, amasule pang'ono kasikuluwu kotulutsira mpweya, nayambe kupopa ndi dzanja pa pampu yaing'ono ija. Poyamba patuluka thovu. Apopebe osatopa kufikira mafuta atuluke okhaokha opanda thovu, ndipo amange kasikuluwuko mafuta akali kutuluka. Achite chimodzimodzi pa pampu yaikulu ngati ili ndi kasikuluwu kotere. Kachogwirira ka pampu kakakhala kopepuka kosakoka kanthu, azunguze injini pang'ono nayesenso. Pa malole akale, injini ikakanabe, amamasula pang'ono manati a mapaipi pa mainjekita, nazunguza injini kufikira mafuta atatuluka, kenaka namanga. Sitata isalizidwe nthawi yaitali. Ipumitsidwe kawirikawiri, kuopa kuti ingapse ndi batire kutheratu.

Apa pafunika chenjezo. Malole atsopano a mtundu wa common rail, amene mainjekita ake amalamulidwa ndi kompyuta, mafuta ake amayenda ndi mphamvu yoopsa, ndipo manati a mapaipi ake asamasulidwe ayi. Ngakhale pa lole yakale, dzanja lisayandikire pamene mafuta akutumphuka, pakuti amatha kuboola khungu ndi kulowa m'thupi. Wolasidwa motero athamangire ku chipatala nthawi yomweyo, ngakhale bala lioneke ngati la munga.

Madzi nawo amavutitsa, makamaka kumidzi kumene mafuta amasungidwa m'migolo ndi m'zigubu. Madzi ngolemera koposa dizilo, chotero amakhala pansi. Masefa ambiri ali ndi kambale kapena kasikuluwu kunsi kwake. Dilaiva akhetsereko mafuta pang'ono m'botolo loyera, ndipo ngati muli madzi adzaoneka pansi pa botololo. Akhetse kufikira madzi atatha. Mgolo wa mafuta uzikhala osagwedezedwa tsiku lathunthu kuti litsiro likhazikike, ndipo mafuta a pansi penipeni asathiridwe m'lole. Nkwabwinonso kudzaza thanki madzulo, chifukwa m'thanki yopanda mafuta mumachita mame usiku.

Sefa wotsekeka ndi litsiro asinthidwe. Kuboola sefa kapena kumuchotseratu, monga ena amachitira pofuna kusunga ndalama, nkuononga pampu yaikulu, imene mtengo wake uposa wa masefa ambirimbiri. Kuthira petulo polowera mpweya kuti injini ilire msanga nkoopsanso, pakuti moto ungabuke.

Zonsezi zikachitika ndipo mafuta akufika pa pampu yaikulu opanda thovu, koma ku mainjekita osatuluka, dilaiva alekere pomwepo. Pampu imeneyo satsekulira pansi pa mtengo. Aitane makaniko, ndipo auze eni matumba msanga kuti afune lole ina katundu asanagone panja.