Kumanga Chipala cha pa Sukulu: Phunziro la Sayansi ndi Luso la Manja

Mau Oyamba

Mphunzitsi watsopano akafika pa sukulu ya kumudzi amadandaula kuti palibe zipangizo. Komatu m'mudzi momwemo muli wosula amene amapanga makasu, nkhwangwa ndi mipeni popanda kugula kanthu ku sitolo. Chipala chonga chake chingatithandize kuphunzitsa ana a Sitandade 7 ndi 8 mfundo iyi: moto umakula ndi mpweya.

Zofunika

Njerwa zootcha 12, dothi la pachulu, mchenga, paipi yachitsulo ya masentimita 40, chikopa cha mbuzi chosokera mvukuto, makala, nyundo, mbaniro, tupa, maginito ndi chitsulo chokhuthala chosulirapo. Mpeni wabwino umachokera ku sipuling'i yakale ya galimoto.

Kamangidwe

1. Sankhani malo apanja, kutali ndi denga laudzu.
2. Sanjani njerwa mizere iŵiri, kusiya mpata wa masentimita 15 pakati.
3. Kandani dothi pamodzi ndi mchenga, mumate mkati monse. Mchenga umachepetsa ming'alu.
4. Loŵetsani paipi cha m'mbali, kamwa yake ikhale pansi pa makala, ndipo muikute ndi dothi kuti isapse. Kunja mangirirani mvukuto.
5. Dikirani chiume ndithu, pakuti dothi lonyowa limathetheka pa moto.

Kaphunzitsidwe

Musafulumire kuuza ana yankho. Ikani chitsulo m'makala osavukuta, aone kuti chingoda bii. Kenaka mwana mmodzi avukute mpaka chifiire, ndipo muwafunse chimene chasintha. Mukatero, sulani mpeniwo inu mwini iwo akuona.

Pofuna kuulimbitsa, uotcheninso mpaka maginito aleke kuugwira, zimene zimachitika pa madigiri 770 Celsius. Ufiirepo pang'ono, ndipo muuviike m'mafuta ophikira. Apa umauma gwa, koma sukhalira kuthyoka. Choncho upaleni ndi mchenga, muutenthetse pang'onopang'ono mpaka uoneke ngati udzu wouma, kenaka uzizire.

Chenjezo

Musagwiritse ntchito paipi yamadzi yokutidwa ndi zinki, popeza utsi wake umadwalitsa. Makala oyaka m'chipinda chotseka amapha. Chitsulo chimaotcha ngakhale chitasiya kufiira. Ndowa ya madzi ikhale pafupi, ana aime patali, ndipo mipeni isungidwe kwa mphunzitsi wamkulu.

Ntchito kwa Inu

Musanaphunzitse phunziroli, kachezeni kwa wosula wa m'dera lanu. Lembani maina a zida zake monga azitchulira iye mwini, ndipo mumupemphe kuti adzakhalepo tsiku loyatsa chipala.