Pakhonde pa Azakhali: Mzinda wa m'kompyuta wosatha kumangidwa

Azakhali,

Ndine mnyamata wa zaka 21, ndikuphunzira kupanga makatuni ndi kuumba malo pakompyuta. Ndinayamba mzinda wa nyumba zosanja, kenako nkhalango, kenako chombo cha kumwezi, koma palibe chimene ndamaliza. Laputopu imatentha n'kuuma gwa ndikangoyamba render. Mayi akuti fizi ikungothera masewera a ana. Kodi ndingosiya?

Wotopa, ku Zomba

Mwana wanga,

Ndaseka mpaka chitenje chamasuka. Mzinda, nkhalango, chombo cha kumwezi! Ndikubetcha kuti pamene umagona sipanayalidwe chiyambire Lolemba, koma iwe uli kalikiliki kumanga New York. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Matenda akowo ndi omwewo. Luso uli nalo, koma ukangofika potopetsa umathawira ku chatsopano, chifukwa kuyamba n'kokoma ndipo chinthu chosatha palibe amene angachinyoze. Wandimva? Pansi pa mzinda wakowo pabisala mantha.

Tiyambe ndi laputopu imene ukuinamizirayo. Filimu imayenda ndi zithunzi 24 pa sekondi. Masekondi 10 okha ndi zithunzi 240. Ngati chithunzi chimodzi chikudya mphindi ziwiri, ndiye kuti makinawo agwira ntchito maola 8 osapuma. Mphindi imodzi yathunthu ndi zithunzi 1,440, masiku awiri usana ndi usiku. Tsono iwe wadzaza mzinda ndi mawindo a galasi, nyali zankhaninkhani ndi mitengo yoti tsamba lililonse laumbidwa palokha, kenako ukudabwa kuti kamakinako kakuwefuka. Render, ntchito yotulutsa zithunzi imeneyi, ili ngati nyemba: ukadzaza mphika pa kamoto kochepa, ugona ndi njala. Phika zochepa, ndipo uzilawa zisanapse. Yesa kachithunzi kakang'ono kosalongosoka, uone ngati kuwala kwakhala bwino, ndipo chachikulu udzatulutse pomaliza.

Usandiuze kuti ukudikira kompyuta ya mamiliyoni. Pulogalamu ya Blender ndi yaulere kwa aliyense. Gints Zilbalodis wa ku Latvia anapangira m'menemo filimu yake ya Flow, nkhani ya mphaka wothawa chigumula, yopanda munthu wolankhula ngakhale liwu limodzi, ndipo mu 2025 inapata mphoto ya Oscar. Anagwiritsa ntchito Eevee, njira yotulutsa zithunzi mofulumira imene ili m'pulogalamu momwemo. Iwe ukukakamira Cycles, imene imawerengera kuwala kulikonse mosamala, pa laputopu yolembera manotsi. Sintha, mwana wanga, kunyada sikuziziritsa makina.

Tsopano imva za mzindawo. New York sunapondeko, ukungotengera zimene ena anajambula, n'chifukwa chake misewu yako ikuoneka ngati simunadutsepo munthu. Malenga Mulendema wa ku Zambia, amene anayambitsa makatuni a Supa Team 4 omwe anatuluka pa Netflix mu 2023, anaika atsikana ake anayi mu Lusaka wa m'tsogolo, mzinda wakwawo. Iwe uli ku Zomba, phiri lakuimirira pakhomo tsiku ndi tsiku, koma maso ali kutsidya kwa nyanja.

Sankha malo amodzi aang'ono: kagolosale ka pafupi ndi kumene ukukhala. Pita ukakhale pamenepo ndi foni ndi pensulo. Ona mmene dzimbiri latsikira pa malata, pamene penti yasupuka chifukwa cha anthu otsamira, matope ofiira amene mvula yawaza m'munsi mwa khoma, benchi imene mwendo wake unachirikizidwa ndi njerwa. Zimenezi ndizo zimauza woonera kuti pano pamakhala anthu. Pempha mwini golosaleyo usanajambule, angakuyese kazitape.

Ukafika pa kompyuta, yamba ndi mabokosi wamba, kuti uone kuti chiyani chikhala pati. Imika kamunthu pakhomo kuti chitseko chikhale cha mamita awiri, osati cha chimphona. Ika kamera msanga, ndipo uumbe zokhazo zimene kamerayo ikuona. Kuseri kwa nyumba kumene palibe adzaoneko, usataye nako tulo. Mtengo umba umodzi, enawo ungobwereza n'kuwatembenuza pang'ono. Zithunzi za makoma zimene wajambula zija, ndizo uveke mabokosi ako. Pomaliza, nkhuku imodzi idutse, masekondi 10 basi. Dzipatse tsiku lomalizira, ndipo uuze mnzako wa m'kalasi kuti akulondalonde, pakuti wekha udzinyengerera.

Chinanso, magetsi akwathu sachenjeza akamapita. Uziseva ntchito pafupipafupi, usunge ina pa fulashi, ndipo render uzitulutsa chithunzi chimodzichimodzi osati vidiyo yathunthu, kuti magetsi akathima udzapitirire pamene unalekezera. Laputopu usaiike pa bulangete, imafuna mpweya. Iwenso uzigona. Msana wopindika ndi maso ofiira pa zaka 21 si digiri.

Za mayi ako, usawakwiyire. Iwo amaona ndalama ikutuluka, mwana ali chete pakona usiku wonse, ndipo chogwirika palibe. Ukanakhala iwe ukanaganiza chiyani? Mawu ambiri sawathandiza. Kagolosale kaja kakatha, akhazike pansi uwaonetse pa foni. Akazindikira benchi ija n'kufuula kuti “Si pa golosale paja apa!” mlandu wako wayamba kupepuka. Pamenepo uwafotokozere kuti luso lomweli amalifuna ojambula mapulani a nyumba pofuna kuonetsa kasitomala nyumba isanamangidwe, amalifuna otsatsa malonda, opanga masewera a pakompyuta ndi opanga mauthenga a zaumoyo. Onsewa safunsa kuti unayamba zingati, amafuna kuona chimene unamaliza.

Ndiye kusiya ayi, ndakana. Ukasiya lero, mtima wothawa pakati pa ntchitowo udzakutsatira kulikonse kumene udzapite, ngakhale ku banja. Chombo cha kumwezi chiyambe chaima, mwezi suthawa. Mawa m'mawa yala pogona pako, tenga foni, upite ku golosale. Ndipo ukagule kanthu, usakangoima pamenepo n'kumayang'anitsitsa khoma la eni ake.

Ndine,
Azakhali ako