Tiphunzire za Nyanja Yamchere

Ife a ku Niassa timadziwa nkhwazi. Ikatera pa madzi, timati pali nsomba. Abale athu a m'mbali mwa nyanja yamchere nawonso amawerenga mbalame.

Dziko lathu la Mozambiki lili ndi gombe lalitali, kuyambira ku mtsinje wa Rovuma mpaka ku Ponta do Ouro. Kutalika kwake kumapitirira makilomita 2,400.

Msodzi wa kumeneko amadzuka m'mamawa nayang'ana kutali. Akaona mbalame zoyera zitaunjikana, zikudzigwetsa m'madzi, amadziwa kuti nsomba zazikulu zathamangitsira tinsomba pamwamba. Amapalasa ngalawa kunka komweko. Mbalamezo ndizo maso ake.

M'nyengo yozizira, kuyambira Julayi mpaka Okutobala, kumafika anamgumi. Amachokera ku nyanja zozizira za kumwera kudzaberekera m'madzi athu ofunda. Namgumi si nsomba. Amapuma mpweya ndipo amayamwitsa mwana.

M'nyengo ya mvula, akamba a m'nyanja amatuluka usiku. Kamba wamkazi amakumba dzenje mu mchenga, naikira mazira pafupifupi 100, nakwirira. Pakapita miyezi 2 tiana timatuluka ndi kuthamangira ku madzi. Tambiri timadyedwa ndi nkhanu, mbalame ndi nsomba. Wamkazi amene wapulumuka amabwerera ku gombe lomwelo patapita zaka zambiri, kudzaikira mazira ake.

Pa zisumbu za Bazaruto pali nyama yotchedwa dugongo. Imadya udzu wa pansi pa nyanja monga ng'ombe ku dambo. Imabereka mwana mmodzi, ndipo pamapita zaka isanaberekenso. Ikakodwa mu ukonde imalephera kupuma, nifa. Zatsala zochepa. Malowa anayamba kutetezedwa mu 1971.

Mlimi sadya mbewu yake. Tikafukula mazira a kamba lero, adzukulu athu adzapeza gombe lopanda akamba. N'chifukwa chake lamulo limaletsa kupha kamba wa m'nyanja ndi dugongo, ndiponso kutola mazira a kamba.

TIWERENGE
gombe, ngalawa, namgumi, kamba, mazira, ukonde

TIKAMBIRANE
1. Kodi mbalame zimamuuza chiyani msodzi?
2. N'chifukwa chiyani dugongo imafa ikakodwa mu ukonde?
3. Kwathu kuno, ndi nyama ziti zimene makolo ankaziona koma ife sitizionanso?

TILEMBE
Mlimi sadya mbewu yake.