Chizindikiro cha pa thonje chimayambira m'munda mwanu

Ena mwa inu amene mumalima thonje kuno ku Katete ndi ku Sinda munaonapo alendo akufika ndi mlangizi wa kampani, mabuku ali m'manja, n'kumafunsa kumene mumasunga mankhwala. Wophunzira wathu wina wakale anandifunsa ngati anthu amenewo ndi a boma. Si a boma ayi.

Boma lili ndi lamulo lake losamalira zachilengedwe la mu 2011, ndipo bungwe la ZEMA ndilo limaona kuti likutsatidwa. Limenelo palibe angalikane. Koma palinso miyezo ina imene kampani imadzisankhira yokha, popanda woikakamiza, pofuna kuti ogula akunja aikhulupirire. Wodziwika kwambiri ndi ISO 14001, umene unatuluka mu 1996. Muyezo umenewu suikira fakitale malire a utsi kapena zinyalala. Umafuna kuti fakitale ilembe njira zonse zimene ntchito yake ingawonongere nthaka, madzi ndi mpweya, idziikire zolinga, izichite, kenako wofufuza wochokera kunja adzaone ngati zolembedwazo zikugwirizana ndi zimene zikuchitikadi.

Muyezo umene umafika pakhomo pathu ndi Cotton made in Africa, umene unayambitsidwa mu 2005 ndi bungwe la Aid by Trade Foundation la ku Hamburg, m'dziko la Germany. Chikalata chimaperekedwa kwa kampani yogula thonje, koma zambiri zimene amafufuza zili m'munda mwanu. Amaletsa mbewu yosinthidwa chibadwa, kugwetsa nkhalango yachilengedwe pofuna kutsegula munda, mankhwala oopsa amene mapangano a maiko anawaletsa, ndiponso kupereka mpope kwa mwana kapena kwa mayi woyembekezera.

Ndinene mosabisa: chizindikirochi sichikulonjezani mtengo wokwera pa kilogalamu. Makampani a zovala amalipira kuti achiike pa malaya awo, ndipo ndalamazo zimabwerera kwa alimi makamaka mwa maphunziro. Choncho amene amafunsa kuti "Nanga tivutikiranji?" safunsa zopusa. Yankho langa n'lakuti ofufuza sayendera mlimi aliyense. Amasankha ochepa, ndipo ochepawo amaimira tonsefe. Akapeza kuti zoletsedwa zikuchitika, kampani ikhoza kulandidwa chikalata, ndipo thonje la alimi ake onse, osamala ndi osasamala omwe, silingagulidwenso ndi amene amafuna chizindikirocho.

Nanga botolo la mankhwala likatha mumalitani? Ndinalowapo m'khitchini ina n'kupeza mchere uli m'botolo lotero, mayi wa panyumbapo akunena kuti analitsuka ndi sopo. Sopo sathetsa poizoni amene walowerera m'pulasitiki. Tsukuluzani botololo katatu, madziwo muwathire mu mpope, kenako muliboole kuti wina asalitole n'kukatungira madzi.

Ndipo musapopere chifukwa mnzanu wapopera. Yendani m'munda, werengani mbozi ndi mazira ake pa zomera zimene mwasankha, mupopere pokhapokha chiwerengero chafika pamene mlangizi anakuuzani. Mulembe tsiku, dzina la mankhwala, muyezo wake ndi amene anapopera. Kabuku ka ana a sukulu n'kokwanira. Amene muli pa maphunziro tsopano, mubwere nako kabuku kameneka sabata yamawa, tidzajambule mizere yake pamodzi.